Galu wosaka tinyama kudimba, mungatani?

Achimwene, mwati galu wanu akungogwira abuluzi ndi mbalame kudimba, dzana mpaka analimbana ndi ng'azi m'mbali mwa Shire. Osam'menya chonde, kusaka nchibadwa chake.

Poyamba mumangeni chingwe chachitali mukamapita naye, m'thumba mutengeko usipa wouma. Akangoimika makutu maso ali pa buluzi muitaneni dzina pompo asanaliyatse liwiro, akatembenuka mpatseni kausipa kamodzi, tsiku ndi tsiku choncho kwa masabata angapo kenako muzitalikitsa chingwecho pang'onopang'ono.

M'mamawa ndi chakumadzulo mbalame zimachuluka, nthawi imeneyo akhale pakhonde, muzim'ponyera mpira atope.

Ng'azi ija imaluma, ndiye ngati ali ndi bala pitani naye kwa alangizi a ziweto, mufunsenso katemera wa chiwewe.