Kusankha pakati pa mainframe yakale ndi yatsopano

Mainframe ndi kompyuta yaikulu yamphamvu imene mabungwe aakulu monga mabanki amagwiritsa ntchito. Musanayambe kusankha, khalani ndi malipoti a SMF (zolemba zimene makinawo amasunga zosonyeza ntchito imene agwira) a chaka chathunthu, mapangano a malaisensi, ndiponso mndandanda wa mapulogalamu anu onse, monga CICS, Db2 ndi olembedwa mu chiyankhulo cha kompyuta cha COBOL.

1. Yezani ntchito imene makina amasenza pa nthawi yotanganidwa kwambiri, makamaka kumapeto kwa mwezi pokonza malipiro.

2. Onetsetsani kuti z/OS (pulogalamu ya kampani ya IBM yoyendetsa mainframe) imene mukufuna ikhoza kuyenda pa makinawo. z/OS 3.1 imafuna mainframe ya IBM ya mtundu wa z14 ya 2017 kapena yatsopano kuposa imeneyo, choncho ngati mukufuna 3.1, z13 yomwe ndi yakale kuposa z14 musaiganizire ngakhale itatchipa bwanji.

3. Funsani wogulitsa kuti adzasiya liti kukonza makinawo ndi kupereka zipangizo zosinthira.

4. Werengerani ndalama zonse za zaka 5. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amangoyang'ana mtengo wogulira n'kuiwala magetsi, zoziziritsira ndi malaisensi a IBM, amene nthawi zambiri amawerengedwa potengera MSU (muyeso wa mphamvu ya makina imene mukugwiritsa ntchito). Makina akale otchipa akhoza kudzadula pamapeto pake.

5. Ngati mukufuna AI (nzeru za kompyuta zotsanzira za munthu) yozindikira chinyengo pamene ndalama zikutumizidwa, ganizirani z16 ya 2022, yomwe ili ndi purosesa ya Telum yothandiza pa ntchito za AI.

6. Yesani mapulogalamu anu pa makinawo musanasaine pangano.