Kasamalidwe ka madzi akumwa m'nyengo ya kolera

Ndili m'komiti ya mjigo wa m'mudzi mwathu, ndipo mvula ikangoyamba ndimauza amayi anzanga mawu omwewa: madzi amachoka pa mjigo ali abwinobwino, koma amakaipira m'njira ndi kunyumba. Kolera amene anabuka ku Machinga mu 2022 n'kufalikira m'maboma onse mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700. Kachilombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha munthu n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Njira imeneyo tiyambe kuitsekera pa ndowa.

Musanatunge, tsukani ndowa ndi sopo, m'kati ndi m'milomo momwe. Masamba aja timathyola m'mbali mwa njira n'kuika pamwamba kuti madzi asatayike posenza, chonde tiwaleke. Pomwe mwathyolapo mwina mwana anadzithandizira usiku, mvula n'kumwaza zonsezo. Onetsetsaninso zala zanu potwika ndi potula, chifukwa nthawi zambiri zimamira m'madzi osazindikira. Chigubu chokhala ndi chotsekera chimathetsa mavuto awiri onsewa.

Mukafika kunyumba thirani mankhwala, ngakhale madziwo akhale a pa mjigo. Ngati ndi Waterguard wamadzi, kachitsekero kamodzi kamakwana malita 20. Khutchumulani, vundikirani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ambiri amalephera apa: athira pompano, mwana walira ludzu, amupatsa. Mankhwalawo amakhala asanagwire ntchito. N'chifukwa chake ine ndimathira madzulo kuti m'mawa tipeze okonzeka kale. Madzi a matope ayambe adikha, muwasefe ndi nsalu yoyera, chifukwa matope amafooketsa mankhwala. Klorini wogawidwa ndi alangizi a zaumoyo musamuthire mongoganizira. Afunseni muyezo wake. Azibambo ena amadandaula fungo, koma fungolo silidwalitsa. Mankhwala akasowa, wiritsani madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi.

Tsono nkhani ya kapu. Kapu imodzi yomweyo yotungira ndi kumwera, imene ana amaisiya pansi nkhuku n'kuijompha, imaononga ntchito yonse mwagwirayi. Pakhale kapu ya chogwirira yotungira yokha, izikhala pa chivundikiro, yomwera ikhale ina. Amene angakwanitse agule ndowa ya mpopi. Posamba m'manja tisanadye nsima, tizithirirana madzi ndi sopo, osati tonse kuviika m'beseni imodzi kuyambira agogo mpaka mwana womaliza. Pa chimbudzi pakhale mpondagiya, kachigubu kosambira m'manja kochita kuponda ndi phazi, ndipo sopo akatha phulusa lilipo.

Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi ngati otsukira mpunga, mwinanso kusanza, musadikire kuti kuche. Kolera amatha kupha munthu wamkulu pa maola ochepa pomutha madzi m'thupi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa aja. Thanzi akasowa, mu lita imodziyo ikani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga, tosadzaza mpaka kutumphuka, ndi theka la kasupuni ka mchere. Wodwala azimwa pang'onopang'ono koma kosalekeza, akasanza mupumeko pang'ono n'kuyambiranso. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Botolo la Thanzi likwere nawo pa kabaza, azimwa njira yonse mpaka kuchipatala, ndipo wotsala pakhomo achape zofunda za wodwalayo ndi madzi a klorini, kutali ndi mjigo.