Kuoda jinzi ya ku Japan uli ku Harare: yambani mwapeza tepi ya telala

Abale anga amene mwayamba kusilira majinzi a ku Japan aja, oti Fullcount, Momotaro, Sugar Cane, Iron Heart ndi anzawo, dziwani kaye chinthu chimodzi, ife a kuno ku Harare timagula osayesa ndipo ikangofika yabwera basi, kuibweza ku Osaka pa DHL ndi msonkho omwe mwalipira kale ndalama yake mutha kugulira jinzi ina. Nde ntchito yonse imakhala musanadine batani lolipira.

Kukwera mtengo kwake kuli ndi chifukwa. Nsalu yake amaluka pa makina akale oyenda pang'onopang'ono, ena mwa iwo ndi a Toyoda, ndipo imatuluka yopapatiza, mainchesi 30 kapena kuposera pang'ono, m'mphepete mwake muli motsekeka kale ndi kamzere kaja kofiira kamene kamaoneka mukapinda mwendo, ndiye selvedge imene anthu amaitchulayo. Likulu la zonsezi ndi Kojima, ku Okayama, komwe Big John idayamba kusoka majinzi mu 1965, kenako kunabwera anyamata a ku Osaka, Studio D'Artisan mu 1979, Denime, Evisu, Fullcount ndi Warehouse, amene anati tiyeni tisoke ngati mmene ankasokera Levi's zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Chomwe chimandiseketsa n'chakuti Fullcount ndi Momotaro amanyadira thonje la ku Zimbabwe konkuno, lothyola ndi manja, la ulusi wautali, amachita kulilemba pa mawebusaiti awo ngati golide. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Gokwe akudziwa ndalama imene mlimi amalandira pa kilo, kenako thonje lomwelo likubwerera ngati buluku la madola 300, kkkk dziko ili. Koma tiyeni ku nkhani.

Nambala ya pa lebulo muiiwale. Mwina mumavala 32 ya mu Edgars kapena ya pa Mupedzanhamo, koma 32 imeneyo mukaiyeza mupeza kuti ndi 34, makampani ambiri amatinamiza dala kuti tizimva ngati mimba sinakule. A ku Japan sakhala ndi chisoni chimenecho, ndipo 32 ya Warehouse si 32 ya Samurai, olo mu kampani imodzi momwemo masitayilo awiri amasiyana. Chochita tengani jinzi yanu imene imakukhalani bwino kwambiri, mangani batani, yalani patebulo, nkuyeza ndi tepi ya telala yofewa ija osati yachitsulo ya amisiri omanga. Ngati mulibe, pitani nayo kwa telala wa pafupi, ku Mbare, Highfield, Mabvuku matelala achikulire akwathu alipo ambiri ndipo kuyeza ndi ntchito ya mphindi zisanu, mupatseni kadola.

Muyeze chiuno kuchoka mbali ina kufika mbali ina nkuchulukitsa kawiri, mwachitsanzo mukapeza 43 cm ndiye kuti ndi 86 cm, gawani ndi 2.54 mupeza mainchesi pafupifupi 34. Kenako kuchoka pa msoko wapakati pa miyendo kukwera mpaka pamwamba pa batani, imene amailemba kuti front rise. Kenako ntchafu, kuyambira pa msoko womwewo kupita kunja, bondo, kukamwa kwa mwendo pansi, ndi kutalika kwa mwendo chamkati komwe ndi inseam. Lembani zonse mu foni, masentimita ndi mainchesi omwe.

Pa zonsezi amene amagwetsa anthu ndi ntchafu ndi rise, osati chiuno ayi. Chiuno chimatanuka mukavala masiku angapo, inchi imodzi imabwera yokha, ndipo chikakhwepa pali lamba komanso telala atha kubweza. Koma ntchafu ikathina yathina, mulibe nsalu yotsala mkati yoti wina amasule, ndipo ambiri aife tinabadwa ndi ntchafu ndi kumbuyo kumene opanga slim, jinzi yothina miyendo ija, ya ku Tokyo sankatiganizira. Mudzaima bwinobwino pagalasi koma kukwera kombi kupita ku Copacabana mudzamva ngati mwamangidwa. Nchifukwa chake ine ndimauza anthu kuti jinzi yoyamba ikhale straight, ya miyendo yowongoka yosathina, monga Fullcount 1101 kapena 0105 yomwe ndi yotakasuka kwambiri, kapena Sugar Cane 1947, za slim mudzaziona mukadziwa thupi lanu pa tchati cha miyezo chimene mashopu amaika. Asisi nanunso ndi chimodzimodzi, ambiri mwa majinziwa amadulidwa poganizira abambo ndiye yang'anani muyezo wa hip, wa m'matako, ngati sanaulembe funsani.

Samalaninso powerenga tchati chifukwa mashopu sayeza mofanana. Ena chiuno amalemba chochulukitsa kale kawiri pomwe ntchafu alemba ya mbali imodzi, ena amayeza chiuno atakoka kutsogolo ndi kumbuyo kuti zifanane, ena amangoisiya mmene yagonera, kusiyana kwake kumakwana inchi. Shopu iliyonse yolongosoka ili ndi tsamba loonetsa mmene amayezera, ndi zithunzi, tsatirani mmene akuyezera iwowo poyeza yanu.

Tsopano nkhani ya kubwerera kwa nsalu, apa mumvetsetse. Akalemba sanforized ndiye kuti nsaluyo anaifinya kale kufakitale, pochapa ibwerera pang'ono chabe, gulani molingana ndi miyezo yanu. Akalemba one wash ndiye kuti anaichapa kale kamodzi, zambiri zobwerera zatha, tchati mukuonacho ndi chimene mulandire. Koma akalemba unsanforized, raw, non wash kapena shrink to fit nsaluyo sinaoneko madzi ndipo ikalowa m'bafa itha kutaya inchi imodzi kapena awiri m'chiuno ndi mainchesi awiri olo atatu m'litali, mwendo nkupotokanso pang'ono msoko kubwera chakutsogolo, chimene si vuto, ndi khalidwe lake. Okonda zinthuzi amasangalala ndi mwambo woviika okha koma kwa munthu woyamba amene sangabweze katundu, tengani one wash mugone tulo.

Kulemera kwa nsalu amalemba mu oz, ma aunsi, nambala ikakula ndiye kuti nsalu ndi yolemera komanso yokhuthala. Ya 13 kapena 14 oz ndiyo yovala chaka chonse kuno, Fullcount yodziwika ija ndi 13.7 ndipo ndi yofewa kuyambira tsiku loyamba, Momotaro ya mizere iwiri yoyera pathumba ndi 15.7, yolimbako. Iron Heart ya 21 oz inapangidwira okwera njinga zamoto, mu June ndi July m'mawa mudzaikonda koma October wa ku Harare adzakulangani.

Mashati ndi majekete amalemba 36, 38, 40, 42 kapena S, M, L, ndipo kawirikawiri amakhala ochepa kuposa amene tinazolowera, L yawo ndi M yathu, komanso mikono ndi thupi zimakhala zazifupi makamaka majekete a jinzi a sitayilo yakale omwe amathera pa lamba. Yezani shati lanu kukhwapa mpaka kukhwapa, phewa mpaka phewa, mkono ndi msana. Anthu aatali mkono ndi umene muyambe kuona.

Za mtengo. Jinzi yomweyo ili ndi mitengo iwiri, wa ku Japan mu yen ndi wa mashopu a ku London kapena America monga Rivet & Hide, Son of a Stag, Self Edge, omwe amakhala okwera chifukwa iwo analipira kale kunyamula ndi misonkho yakwawo. Yen yakhala yofooka zaka zapitazi, mu 2024 inadutsa 160 pa dola imodzi, nde kugula ku mashopu a ku Japan otumiza kunja monga Denimio, Okayama Denim kapena Hinoya ya ku Ueno kumatsikirako, ndipo muone ngati mtengo achotsa msonkho wawo wa 10% umene ndi wa anthu ogula ali mu Japan. Koma mtengo wa pa sikirini si mtengo wa pakhomo. Tingoyerekeza jinzi ya 30,000 yen dola ili pa 150, ndi madola 200. Onjezani kutumiza, onjezani zimene banki idule pa khadi lanu la Visa posintha ndalama, kenako ZIMRA, otolera misonkho kuno, ndipo msonkho wa zovala kuno si wamasewera, pali duty pali VAT, ndipo amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza ndalama yotumizira, kampani yonyamula nayo imalipiritsa yake yokuchotserani katundu. Imbirani clearing agent, wothandiza kuchotsa katundu kwa a msonkho, kapena ofesi ya kampani yonyamulayo musanaode, muwauze mtengo ndi kulemera, jinzi imodzi imasewera cha pa kilo, akupatseni chithunzi cha ndalama imene mudzalipire. Ndipo musapemphe shopu kuti ilembe mtengo wonama pa invoice, a ku Japan amakana, komanso phukusi likasowa inshuwalansi idzakubwezerani ya bodza yomweyo.

Amene muli ndi achimwene ku UK obwera pa Khirisimasi, njira ina ndi imeneyo, kugula ku London iwo nkuyeza ndi tepi ikafika, ikakhala yolakwika asinthe konko mwachangu isanakwere ndege. Mtengo wokwererako uja pamenepo umakhala ndi phindu.

Zovalidwa kale ziliko zotchipa pa Mercari ndi Yahoo Auctions, mawebusaiti a ku Japan omwe anthu amagulitsirapo katundu wawo, mumagula kudzera kwa amkhalapakati monga Buyee kapena ZenMarket omwe amalandira katundu ku Japan nkukutumizirani, amadula kandalama kawo. Kumeneko kulibe kubweza ngakhale pang'ono, ndipo jinzi yovalidwa inabwerera kale, mwina anaidulanso miyendo molingana ndi mwini wake yemwe anali wamfupi, nde dalirani miyezo imene wogulitsa walemba basi, ngati sanalembe idutseni. Kumbukiraninso kuti boma la kuno lili ndi malamulo oletsa kulowetsa kaunjika kuyambira 2015, funsani agent uja kaye za chovala chimodzi chogwiritsidwa kale ntchito musanataye ndalama. Ma Evisu a mbalame yopenta pathumba amene mumawapeza pa madola 15 mutauni musadzivute kufunsa ngati ali orijino. Yeniyeni mkati imakhala ndi kansalu kolemba Chijapani, dzina la kampani ndi adiresi kapena nambala ya foni, ndipo kamzere kofiira kokha sikatanthauza Japan, mafakitale ambiri padziko amaluka selvedge masiku ano.

Polankhula ndi shopu iwalani za kunenerera. Chizolowezi chathu choti "mundichotserako zingati" pa imelo sichiyenda, mtengo ndi womwewo, mukalimbikira amangokuyankhani mwaulemu kwambiri kuti ayi. Chimene amachita bwino, ndipo ndi chaulere, ndi kuyeza. Lembani Chingerezi chachifupi chosavuta, opanda nthabwala kapena mawu a mumsewu chifukwa ena amawerenga kudzera pa makina omasulira, tchulani nambala ya sitayilo ndi saizi, ikani miyezo ya jinzi yanu, nkufunsa kuti pakati pa 33 ndi 34 iwo angakulangizeni iti, ndipo ngati nkotheka akuyezereni yeniyeniyo imene atumize chifukwa ziwiri za saizi imodzi zimatha kusiyana ndi sentimita. Funsaninso ngati amatumiza ku Zimbabwe ndi kampani iti, ena dziko lathu silipezeka pa mndandanda wawo koma ukafunsa amakonza. Japan ili patsogolo ndi maola 7, mukalemba masana kuno iwo aweruka, yankho muliona mawa m'mawa, ndipo kumapeto kwa April kulowa May, pakati pa August ndi pa chaka chatsopano amakhala pa tchuthi, musayambe kukalipa kuti akuberani. Oda yoyamba ya khadi la kuno atha kuiimitsa kaye kuti atsimikize kuti ndinu mwini wake, ayankheni modekha. Pa adiresi pofuna postal code ife tilibe, ikani 00000, chofunika ndi nambala ya foni ya +263 imene imagwira chifukwa onyamula katundu amaimba.

Adzakufunsani ngati mukufuna akupindireni miyendo. Iwo amapinda ndi chain stitch pa makina akale a Union Special, imene imapangitsa mpendero kusuluka mokhotakhota ngati chingwe, makina a telala wathu wamba sasoka choncho. Ambiri amachita ulere kapena motchipa, koma jinzi yodulidwa sabweza olo kusintha, ndipo ngati ili yosachapa musadulitse pa muyezo wanu weniweni, siyani mainchesi owonjezera. Mukakayika isiyeni yaitali muzipinda, mudzadula pambuyo poichapa kangapo, telala wa kuno adzapinda bwino lomwe bola mumuuze agwiritse ulusi wokhuthala wofanana mtundu ndi singano yolimba.

Ikafika yezani musanachotse malebulo, yerekezani ndi tchati, pakakhala kusiyana kwakukulu jambulani tepi ili pa jinzipo mutumize tsiku lomwelo. Yosachapa iviikeni yotembenuza m'bafa la madzi ofunda kwa ola, opanda sopo, nkuyanika pamthunzi. Masabata oyamba utoto umatuluka, nsapato zoyera, sofa yoyera ya kwa apongozi ndi shati loyera la kutchalitchi zitalikirane nayo. Ndipo uzani aliyense amene amachapa pakhomo panu, kaya ndi amayi kaya ndi mtsikana wantchito kaya ndi inu nomwe, kuti iyi sakwecha ndi bulashi, sathira Jik, saiviika limodzi ndi zovala zina ndipo posita asaike mzere kutsogolo, mzere umenewo ukasuluka umakhala woyera mpaka jinzi kutha. Fumbi la mu August ndi thukuta zikachuluka chapani ndithu ndi madzi ozizira ndi sopo pang'ono, zoti miyezi isanu ndi umodzi osachapa zija kuno zimangodyetsa ulusi pakati pa miyendo nkuboola msanga.