Momwe mungasankhire batire la galimoto chisanu cha Juni chisanakupezeni

Kuno ku Dedza batire lofooka silibisala nthawi yaitali. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo Juni ndi Julayi akafika, sipalephera kupezeka wina pa boma, pa Bembeke kapena pa Lizulu akupempha anyamata kuti amukankhe m'mamawa. Kuzizira kumachepetsa moto umene batire lingatulutse, komanso kumalimbitsa oyilo moti sitata imavutika kuzunguza injini. Batire limene limaliza galimoto bwinobwino ku Golomoti kapena ku Salima likhoza kungoti kete kete likagona usiku umodzi kumtunda kuno. Tsono poti ma Sienta, ma Vitz ndi ma Passo ambiri amene tikugula masiku ano ndi a otomatiki, zokankhazo sizithandizanso.

Batire sagula ndi maso ayi, ndipo kutchula dzina la galimoto pakauntala sikokwanira. Zofunika ndi nambala ya batire, tsiku limene linapangidwa ndi zimene mita ikunena.

Choyamba: tsimikizani kuti wolakwa ndi batire

Tsegulani boneti muone matemino, pamene mawaya amalumikizana ndi mitu ya batire. Ngati pamera ufa woyera kapena wobiriwira, kapena temino ikugwedera mukaipotoza ndi dzanja, mwina batire lilibe mlandu. Sungunulani soda, yemweyu wa mu therere, m'madzi ofunda, tsukani matemino, pukutani ndi kumanga bwino. Galimoto zambiri zimalira zikangotere.

Zikakanika, pitani kwa makaniko wa zamagetsi amene ali ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Kuyeza kwabwino ndi kwa m'mawa galimoto itagona usiku wonse. Batire lodzaza limawerenga mavoti 12.6 kapena kupitirira pang'ono. Likawerenga 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka, ndipo kutsika pa 12 ndiye laphweratu. Mukaona cha m'ma 10.5, chipinda chimodzi mwa zipinda 6 za m'katimo chafa, ndipo ngakhale mulitchaje sabata yathunthu silidzuka. Kenako wina alize galimoto mita ili pomwepo: nambala ikatsika pansi pa 9.6 pamene sitata ikuzungulira, batirelo latopa.

Injini ikalira musachotse mita. Iyenera kuwerenga pakati pa 13.8 ndi 14.5. Galimoto zina zatsopano zimakweza ndi kutsitsa nambalayi zokha, koma ikangokhala pa 12 ngakhale mwayatsa magetsi ndi kuponda mafuta, vuto lili pa alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, kapena lamba wake wakhwepa. Ikapitirira 15, alternator ikuwiritsa batire. Konsekonse, kugula latsopano musanakonze zimenezi ndi kutunga madzi ndi dengu.

Pali kayezedwe kena kamene kanazolowereka m'magalaja mwathu, kozula temino injini ikulira kuti aone ngati izime. Kankatheka pa galimoto zakale za kabuleta. Pa galimoto za masiku ano magetsi amalumpha n'kukaotcha kompyuta ya injini, ndipo mtengo wake si wa batire ayi. Makaniko akayamba kumasula temino injini ikulira, muletseni mwaulemu.

Kumbukiraninso kuti batire lophwa si batire lakufa. Kuchezera pamzere wa mafuta wailesi ikuimba, kuyenda timaulendo tatifupitifupi ta m'tauni, alamu kapena amplifaya yolumikizidwa molakwika, zonsezi zimaphwetsa batire labwinobwino. Litchajeni usiku umodzi pa tchaja, lipume maola angapo, ndiye muliyeze.

Chachiwiri: werengani nambala ya batire lakale

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Munthu amalowa m'shopu, wogulitsa n'kufunsa, "Ndi galimoto yanji bwana?" Iye n'kuyankha kuti Sienta, basi amutsitsira limene lili pafupi. Pofika kunyumba waya wa pozitivi sakufika, kapena boneti ikukana kutsekeka.

Jambulani pa foni pamwamba pa batire lakale lisanachotsedwe, nambala ndi matemino zioneke. Galimoto zochokera ku Japan zimakhala ndi nambala yonga iyi: 46B24L. Chilichonse pamenepo chili ndi ntchito. Nambala yoyambayo, 46, ikunena za mphamvu. Chilembo B chikunena za mulifupi ndi kutalika kwa bokosi kupita m'mwamba: la B ndi pafupifupi masentimita 13 mulifupi, pamene la D ndi pafupifupi 17. Nambala 24 ndi mulitali wa batire m'masentimita. Chilembo chomaliza, L kapena R, chikunena mbali imene matemino ali.

Kuti musasokonezeke, ikani batire patsogolo panu, m'mphepete mokhala matemino muyang'ane kwa inu. Negetivi ikakhala kumanzere, pozitivi kumanja, limenelo ndi L. Zikatembenuka, ndi R. Mukasinthanitsa, mawaya safika, ndipo wina wochenjera amawakoka kapena kulumikiza kachidutswa. Ena mpaka amalumikiza motembenuza n'kuotcha fyuzi yaikulu ndi alternator.

Lamulo lake ndi ili: chilembo chapakati, mulitali ndi chilembo chomaliza zisasinthe, koma nambala yoyamba mukhoza kukweza. Pamene panali 46B24L mukhoza kuikapo 55B24L, ndipo kwa ife a kumtunda kuno ndimalimbikitsa kutero ngati thumba likulola. Kutsitsa ndiye ayi.

M'mashopu ambiri mumvabe mayina akale. NS40 ndi la saizi ya B20, lija la ma Vitz ndi ma Passo ambiri. NS60 ndi B24, NS70 ndi D26, ndipo N70 ndi D31, limene limakonda kupezeka m'galimoto za dizilo monga mapikapu ndi ma Hiace. Mabatire ochokera ku South Africa, monga a Willard ndi Raylite, amalembedwa manambala atatu ngati 628, 646 kapena 652, ndipo ogulitsa odziwa ntchito amakhala ndi tchati chofananitsira. Tchaticho chisakulepheretseni kutenga tepi n'kuyeza thireyi ya m'galimoto mwanu.

Onaninso kunenepa kwa matemino. Mabatire ambiri a B ali ndi timitu tating'ono, a D ali ndi mitu yaikulu, ndipo la B lokhala ndi S kumapeto, monga 46B24LS, lili ndi mitu yaikulu. Zokhomera msomali kapena kachitini pakati pa temino kuti igwire zimagwira ntchito mpaka tsiku limene muli pakati pa Khwekhwerere usiku. Timphete tamtovu tonenepetsera mitu timagulitsidwa, ndipo si todula.

Chenjezo limodzi: mwina mwini wake wakale wa galimotoyo anaikamo batire lolakwika kale. Mukaona likusewera m'thireyi kapena lamangidwa ndi chingwe cha mphira, musatengere nambala yake. Funsani saizi yoyenera malinga ndi nambala ya chasisi.

Pa manambala ena awiri olembedwa pambali, Ah (kuchuluka kwa moto umene batire limasunga) ndi CCA, yofunika kwambiri kuno ndi CCA. Imeneyi ndi moto umene batire lingatulutse kwa masekondi 30 pa kuzizira kwa madigiri 18 pansi pa ziro. Dedza sazizira kufika pamenepo, komabe pakati pa mabatire awiri a saizi imodzi, la CCA yokwera ndi limene likulizireni galimoto m'mawa wa nkhungu.

Chachitatu: galimoto zozima zokha ndi za hybrid

Ngati galimoto yanu imazima yokha mukaima n'kulira mukachotsa phazi pa buleki, imafuna batire lakelake, lolimba pa kuliza pafupipafupi. Nambala zake zimaoneka chonchi: M-42, N-55, Q-85, S-95. Mazda Demio ya i-stop, mwachitsanzo, imabwera ndi Q-85. Batire wamba la saizi yomweyo limalowa ndithu n'kuliza, koma silikhalitsa. Ambiri amaika wamba chifukwa cha mtengo n'kumadina batani loletsa kuzimazima nthawi iliyonse akakwera. Ndi njira ya kusowa, koma dziwani kuti ogulitsa ena amakana waranti pa batire loikidwa m'galimoto yosayenera.

Ma Aqua ndi ma Prius ndi a hybrid, oyendera mafuta ndi magetsi. Kupatula batire lalikulu loyendetsa galimoto, ali ndi laling'ono la mavoti 12, ndipo likafa galimoto siyaka n'komwe. M'ma Aqua ambiri lili pansi pa mpando wakumbuyo, m'ma Prius akale lili ku buti. Poti lili m'kati mokhala anthu, limayenera kukhala lomata, lokhala ndi kabowo kolumikizapo kapaipi kotulutsira mpweya kunja, monga S34B20R. Musaikemo la zitsekerero zothirira madzi.

Chachinayi: pakauntala

Batire limayamba kukalamba tsiku limene asidi walowamo, kaya lili m'galimoto kaya pa shelefu. M'mashopu a m'matauni ang'onoang'ono katundu ngati ameneyu amayenda pang'onopang'ono, choncho funso la tsiku ndi lofunika kuposa la mtengo. Kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake: ena amadinda pa chivundikiro, ena amamata kapepala. Muuzeni wogulitsa, "Achimwene, tandionetsani pamene alemba deti." Loposa miyezi 6 lisiyeni ngati pali lina.

Kenako aliyeze inu mukuona. Latsopano liwerenge 12.5 kapena kupitirira. Likakhala pansi pa 12.4 lakhalitsa losatchajidwa, ndipo mapuleti ake ayamba kale kuuma. Wogulitsa wokana kuyeza wakuuzani kale zonse.

Linyamuleni. Mphamvu ya batire ili mu mtovu, ndiye pa awiri a saizi imodzi, lopepuka modabwitsa likayikireni. Yang'anani m'mbali ngati latupa, ngati pali mng'alu kapena chinyezi, ndiponso mitu yake: yatsopano imakhala yosalala, yopanda mikwingwirima ya temino. Pamsika pamapezeka mabatire akale otsukidwa, othiridwa asidi watsopano n'kumatidwa chikwangwani chonyezimira. Amene amanena poyera kuti ndi lokonzedwanso alibe mlandu, ndipo lingakufikitseni kumapeto a mwezi, koma musalilipire mtengo wa latsopano.

Alipo mabatire ena obwera ouma, amene amathira asidi mukagula. Ubwino wake ndi woti sakalamba msanga pa shelefu. Akathira, lisiyeni likhazikike kwa kanthawi, ndipo ndi bwino alitchaje lisanalowe m'galimoto. Kuyambira pamenepo asidi sathiranso. Madzi akatsika mumaonjezera madzi a batire okhaokha, osati a pa mjigo kapena a pampopi. Kwa amene satsegula boneti kawirikawiri, lomata losafuna madzi ndiye lowayenera.

Za mitengo, imbani m'mashopu awiri kapena atatu tsiku lomwelo. Chitsikireni mphamvu ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mnzanu anagulira miyezi ingapo yapitayo ndi mbiri chabe. Ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma, kumakhala mitundu yambiri, koma werengerani mafuta, komanso kuti batire likadzavuta mudzalinyamula kubwerera nalo komweko. Ogula kutsidya ku Mozambique aganizirenso zomwezi kawiri.

Waranti ya pakamwa si waranti. Pa lisiti alembe tsiku, mtundu wa batire, nambala yake ya siriyo, nambala ya galimoto yanu ndi miyezi ya waranti. A matakisi ndi maminibasi afunsiretu, chifukwa nthawi zambiri galimoto za bizinesi zimapatsidwa miyezi yochepa. Lisitiyo ijambuleni pa foni poti inki yake imafufutika. Mukadzakanizidwa popanda chifukwa chomveka, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo lidzafuna umboni woti munaguladi.

Chachisanu: kuika

Ngati wailesi yanu ndi ija yolemba Chijapani, samalani. Ina ikangosowa moto imadzitseka n'kumafuna nambala yachinsinsi kapena khadi la mapu limene linatsala ku Japan. Makaniko alumikize batire lina laling'ono kumawaya pamene akusintha, kuti moto usaduke.

Zimitsani injini, chotsani kiyi, ndipo pasakhale wosuta fodya pafupi chifukwa batire limatulutsa mpweya woyaka. Sipanala yake kawirikawiri ndi ya 10. Pochotsa yambani ndi negetivi, kenako pozitivi. Poika yambani ndi pozitivi, negetivi pomaliza. Chifukwa chake n'chakuti bodi yonse ya galimoto ndi negetivi, ndiye sipanala ikakhudza chitsulo muli pa pozitivi negetivi isanachoke, pamathetheka moto woopsa. Mukamanga, pakani Vaseline pang'ono pamwamba pa matemino.

Chitsulo chopanira batire chibwerere pamalo pake. Galimoto zokatenga mbatata ku Tsangano kapena tomato m'midzi ya ku Bembeke zimadya mabampu tsiku lonse, ndipo batire lodumphadumpha limayoyoka mapuleti m'kati miyezi yochepa. Mukamaliza lizani galimoto, muyezenso alternator komaliza. Galasi la dalaivala likasiya kukwera lokha, litsitseni mpaka pansi, likwezeni mpaka pamwamba n'kugwirabe batani masekondi angapo. Pa galimoto zambiri limakumbukira.

Batire lakale musalisiye kuseri kwa nyumba. Funsani musanalipire ngati shopuyo imachotsera mtengo mukawasiyira lakale, apo ayi ogula zitsulo zakale amaligula chifukwa cha mtovu. Ambiri amalipititsa kumudzi kukayatsira magetsi a sola ndi kutchajira mafoni. Lingathandize kwa kanthawi, koma batire la galimoto silinapangidwire kuphwa ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku, ndiye musayembekezere zambiri. Lisakhale m'chipinda chogona, ana asaliseweretse, ndipo asidi wake asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena dimba. Polinyamula likhale choimirira, pa kabokosi kapena thabwa, chifukwa asidi akadonthera pa kapeti kapena pa thalauza mawa lake mupezapo chibowo.