Nyumba ya zitsulo zopepuka isagwe ndi chivomerezi

Chivomerezi chimakankha nyumba molingana ndi kulemera kwake, n'chifukwa chake nyumba ya mafelemu a zitsulo zopyapyala imapirira bwino. Ndiye musaisenzetse denga la matailosi a simenti, malata ndi okwanira.

Pomwe amisiri ambiri amachitira ulesi ndi polumikiza. Felemu imangiriridwe ku maziko ndi mabawuti ozikika mu konkire, makamaka m'makona, apo ayi khoma limanyamuka nthaka ikagwedezeka. M'makoma mukhale malamba achitsulo opingasana ngati X, okungidwa zolimba. Lamba wakhwekhwe ndi chokongoletsa chabe. Pokhoma mapulanga a pulayiwudi, masikuluu a m'mphepete atalikirane masentimita 15 kapena kucheperapo. Mazenera akuluakulu musawaunjike kukhoma limodzi, mbali imeneyo imafooka n'kupotoza nyumba yonse.