Momwe mungasonkhere kathumba koti ana athu azikasewera nawo makadi kuno ku Joni

Mwana wa mlongo wanga ku Rosettenville amasewera Pokémon patebulo la kukhitchini ndi makadi omwe anamupatsa mnzake wa kusukulu, ndipo pa flat yonse palibe amamuwina. Koma mpikisano weniweni, uja umachitika m'mashopu a makadi, anali asanapondeko. Makadi anali nawo, chimasowa ndi ya tekisi ndi yolowera pakhomo basi. Ndiye tinakhala pansi anthu angapo a kumudzi n'kuyamba kathumba, ndipo inunso mukhoza kuchita chimodzimodzi.

Choyamba dziwani kaye kuti anawo akusewera chani, chifukwa makadi si amodzi ayi. Pali Magic: The Gathering yomwe inayamba mu 1993, pali Pokémon yomwe makadi ake anatuluka ku Japan mu 1996, palinso Yu-Gi-Oh!. Deki, mulu wa makadi omwe munthu mmodzi amaseweretsa, ya Pokémon imakhala makadi 60 ndendende, ya Yu-Gi-Oh! kuyambira 40 mpaka 60. Mukadziwa, imbani foni kushopu yomwe ili pafupi mufunse tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yomwe amatha ndi ndalama yolowera. Funso la nthawi yotha lija musaliiwale, ndibwereranso pamenepo. A Pokémon amafunanso Player ID, nambala yolembetsera wosewera, pa mipikisano yovomerezeka, ndi yaulele, musalole munthu akulipiritseni.

Kenako thumba lenilenilo. Tonse chipereganyu timachidziwa, anzathu kuno amati stokvel, kusiyana kwake ndi koti ndalama iyi sizungulira kubwerera kwa inu, imapita kwa osewera. Gwirizanani ndalama yochepa yoti ngakhale mwezi wovuta munthu sangathawe nayo gulupu, tiyerekeze R50 pamwezi, anthu khumi ndiye kuti R500. Osunga akhale awiri, wina agwire ndalama wina alembe. Si aliyense ali ndi akaunti ya banki, ndiye landiraninso kashi, koma chilichonse cholowa kapena chotuluka chijambulidwe chiponyedwe pa gulupu ya WhatsApp tsiku lomwelo. Za "ndilemba mawa" zija ndi zomwe zimapha magulu athu.

Lamulo lomwe ine sindisintha ndi ili: thumba limalipira thiransipoti ndi pakhomo, osati ma booster. Booster ndi kapaketi kotseka, simudziwa muli chani mpaka mutang'amba, ndipo mwana mukamupatsa ndalama m'manja n'kulowa mushopu muja makadi akunyezimira mugalasi, eee, ya tekisi yobwerera ithera pomwepo. Ngakhale akuluakulu zimatigwira. Ndiye wamkulu yemwe waperekeza anawo ndi amene alipire pa kauntala, atenge lisiti.

Tsopano nkhani ya nthawi ija. Magic ili ndi Friday Night Magic, dzina likunena lokha, ndi Lachisanu usiku, ndipo pomwe ma round akutha matekisi a pa renki ya Bree kapena ya Noord amakhala atachepa kale, ndiye tangoganizani mwana wa zaka 13 ali mutauni usiku ndi chikwama ndi foni, ayi ndithu. Sankhani mipikisano ya Loweruka kapena Lamulungu masana. Ngati ndi ya usiku basi, werengerani Bolt kapena Uber yobwerera musananyamuke, mukwere anthu anayi mugawane mtengo, kapena mupemphe m'bale yemwe ali ndi galimoto thumba limuthirire mafuta.

Pakatsala kachenji gulani deki ya gulupu yomabwereketsa. Gulani makadi amodziamodzi omwe akufunikadi, ma single, zimatchipa kuposa kusaka khadi limodzi m'mapaketi. Kwa a Magic kuli mtundu wa Pauper womwe amaseweretsa makadi wamba okhaokha, ndi poyambira pabwino. Musaumire pa ma sleeve, timapulasitiki tovekera makadi tija, chifukwa khadi lopindika kapena lokhala ndi chizindikiro kumsana akhoza kulikana pa mpikisano. Wobwereka awerenge makadi pamaso pa wolemba potenga ndi pobweza.

Chomwe chimayambanitsa anthu kwambiri ndi mphoto. Mwana wawina mapaketi, pakhomo linalipira ndi thumba, deki ndi ya gulupu, nanga mphotoyo ndi ya ndani? Kambiranani musanapite ndipo mulembe. Ife tinagwirizana kuti mphoto ndi ya mwana, koma makadi omwe ali nawo awiriawiri aziponya mubokosi la gulupu. Opita nawonso azisinthana, osati mwana wa msungichuma sabata iliyonse, ndipo atsikana alembedwe pamndandanda womwewo.

Zikuluzikulu ngati Comic Con Africa, chionetsero cha makomiki ndi masewera cha ku Nasrec, zimabwera kamodzi pachaka ndipo pamafunika tikiti yolowera pageti, ndiye zimenezo zitsegulireni envulopu yakeyake miyezi ingapo isanakwane, musakhudze ya Loweruka. Yathu tikuponyamo R10 pa R50 iliyonse.