Njinga yoti lero yalira, mawa yakana: poyambira kufufuza

Vuto lowawa pa njinga yamoto si loti yaferatu ayi, ndi ili loti mmawa yalira bwinobwino, masana muli pa siteji kasitomala wakwera kale yangoti zii, ndiye mwaikankha mpaka kwa makaniko, kufika kumeneko kiki imodzi yalira. Anzanga a kabaza ambiri ndalama zimathera apa, lero pulagi, mawa CDI (kabokosi kolamulira moto wopita ku pulagi), mkuja batire, vuto lili pompo. Musagule kanthu kaye. Fufuzani nthawi yomwe yakanayo, pomwepo, chifukwa ikangolira simupezanso kanthu.

Yambani ndi kagetsi kobiriwira ka neutral kaja. Dinani sitata uku mukukayang'ana. Kakazimiratu kapena mukangomva kuti tcha tcha, nkhani ili ku batire, koma musathamangire kunena kuti lafa, gwedezani kaye materminal ndi dzanja. Misewu yathu ya mabampu imamasula timabauti timeneti, komanso pamamera zoyerayera zija, ndiye moto umadutsa mwa apo ndi apo. Palani ndi sandipepa, mangani zolimba, kenako tsatirani waya wa earth (wochokera ku negative ya batire) mpaka pomwe wamangidwa pa chitsulo, dzimbiri limakonda pamenepo ndipo anthu sayang'anapo. Ngati pali mita yoyezera magetsi, batire labwino limawerenga cha m'ma 12.6 volts injini ili chete, ikamalira mutaponyako moto lizifika 13.5 mpaka 14.5. Likamangokhala pa 12 injini ikulira ndiye kuti silikutchajidwa, mukagula latsopano nalonso liphwa basi.

Kagetsi kakapanda kusintha koma kuli zii, ganizirani batani la sitata, kaswitchi ka pa klatchi kapena relay (kachipangizo kolumikiza moto wa batire ku sitata). Menyani kiki. Ikalira nthawi yomweyo injini ilibe mlandu.

Tsono yovuta ndi iyi yoti injini ikuzungulira koma osagwira. Onani kaye switchi yofiira yozimitsira ija, imalowa fumbi ndi madzi. Kenako masulani pulagi, ibwezereni mu kapu yake, igunditseni ku chitsulo cha injini patali ndi bowo lake ndi petulo, mnzanu amenye kiki. Moto uzikhala wa buluu, wothetheka mwamphamvu. Ngati palibe, apa ndi pomwe pamafunika kudekha: pindani handulo kumanzere kenako kumanja mukuyesabe, gwedezani kiyi, gwedezani soketi ya CDI, chimodzichimodzi osati zonse pakamodzi. Mawaya odutsa pakhosi pa njinga amaduka mkati chikopa chili bwinobwino, moti ndi maso simungaone, koma moto ukabwera mutapinda handulo mwaligwira vutolo. Ine ndimati ili ndi lomwe limagulitsa ma CDI ambiri osalakwa.

Nthawi yomwe imakanira nayonso imaulula zambiri. Ikamakana mvula ikagwa kapena mukangoitsuka, ndi kapu ya pulagi kapena soketi yanyowa. Ikamakana injini ikatentha, nkudzalira yokha itazizira, ganizirani koyilo (yomwe imakulitsa moto wopita ku pulagi) kapena mavalavu othina, amenewa apatseni amakaniko ayeze ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), zongoyerekeza ndi maso ayi. Yovuta mmawa wozizira wa June wokha mwina ikungofuna choke.

Moto ulipo koma ikukanabe? Pitani ku mafuta. Pulagi youma mutamenya kiki kangapo ndiye kuti petulo sakufika. Tsekulani chivindikiro cha thanki, mukamva kuti psii ndiye kabowo kopumira katsekeka, mafuta amaleka kutsika mukayenda kamtunda. Pansi pa kabuleta pali kasikuluu kokhetsera, kamasuleni mukhetsere m'botolo loyera, madzi amakhala pansi petulo pamwamba, mumawaona bwinobwino. Amene timagula mafuta a m'zigubu pa nthawi yosowa ija izi zimatipeza kwambiri, ndipo madziwo akapezeka tsukani thanki yonse ndi kasefa ka pa tapu, chifukwa mukangokhetsa kabuleta yokha mawa adzatsikanso ena.